Ndiwo Zopanda Mchere

Zikomo amayi, zikomo atsikana. Ndiyankhula nditagwira benchi, musadabwe, mawondowa anandikana kalekale. Inu a kumbuyoko, amene mwakhala pafupi ndi chitseko kuti mutuluke mwakachetechete nkhani ikayamba kuwawa, senderani kuno. Zimene ndabwera nazo ndi zanu, si za agogo ali kutsogolowa. Ndiyankhula Chichewa cha makolo athu. Pamene pakupitirira, mnzako akunong'oneze m'Chishona, poti ndikudziwa kuti ena a inu Chichewa mumachimvera pa maliro pokha.

Dzina langa ndine Esinati, Naphiri. Ndinabadwira konkuno ku Highfield, m'nyumba ya manisipala, chakuseri kwa masitolo a Machipisa. Bambo anga anachokera ku Dedza wapansi ali mnyamata, nadzalowa ntchito pa fakitale ya fodya, kusankha masamba ndi kumanga mabelo. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosachulutsa mawu. Amayi ankagulitsa kabichi ndi matimati pa msika, ndipo Lachinayi lililonse ankavala bulauzi yawo yoyera kupita ku mapemphero a amayi. Ine ndinali mwana wamkazi yekhayo pakati pa anyamata, ndiye zophika zonse zinali m'manja mwanga.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, nkhondo ya ufulu ili pakati. Inu simunaione, ndipo Mulungu akuthandizeni musadzaione. Mfuti zambiri zinkalirira kumidzi, koma mantha ankakhala nafe muno m'tauni. Munthu unkayankhula uku ukuyang'ana kumbuyo. Mbali ino apolisi a boma la azungu, mbali iyo anyamata a chipani cha omenyera ufulu, ndipo onsewo ankafuna kudziwa kuti iwe uli mbali iti. Ife a ku Malawi ndiye tinali ngati chala chopanikizika pa chitseko. Ankatitcha mabwidi, dzina lotinyoza ife obwera. Nyumba sinali yathu, ndipo tinkadziwa kuti pakangolakwika pang'ono, katundu panja, ulendo wa ku Dedza kumene ine ndinali ndisanapondeko.

Ndinali ndi chibwenzi, Kefasi, mnyamata wa Chishona amene ankakonza njinga pa Machipisa. Anandilonjeza kuti atumiza anthu kwathu, ine ndinakhulupirira, ndipo zina zonse mukuzidziwa, sindinu makanda. Tsiku lina ndinapeza pamalo pake pali zitsulo zokha. Mlongo wake anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti wawoloka, wapita ku Mozambique kukalowa nkhondo. Anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa, nati, "Dzina lake usalitchulenso. Apolisi abwera kale kwathu, anamenya bambo athu, mpaka pano sakuyenda."

Kefasi anapita, koma anandisiyira katundu. Poyamba kunali kutentha pokodza. Kenako kumaliseche kunayamba kutuluka zachikasu zonunkha, zimene ndinali ndisanazionepo. Ndinena mosapsatira, chifukwa kupsatirako ndi kumene kunandifikitsa pamene ndilipa: chinali chinzonono, chimene kuno timangoti siki. Nthawi imeneyo dzina lake sindinkalidziwa. Ndinkangochapa kabudula wam'kati mobisa, kuyanika pansi pa matiresi.

Ndikanafunsa yani? Ku chinamwali anatiphunzitsa zambiri, kuvina, kulemekeza apongozi, kusamala mwamuna. Za matenda otere palibe anatsegula pakamwa. Koma panali lamulo limodzi limene anatikhomerera mpaka kulowa m'mafupa, la mchere. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Ndipo mtsikana wa pakhomo pa makolo akagona ndi mwamuna mwakuba, ameneyo ndi wotentha. Akathira mchere mumphika, wadula makolo ake. Amayamba kutsokomola, miyendo kutupa, kenako kulavula magazi, mapeto ake kumanda. Umenewo ndiye mdulo. Anatiuza ndi maina omwe a anthu amene anaphedwa ndi ana awo mwa njira imeneyo.

Pamene ndinali ndi Kefasi ndinkadzinamiza kuti zimenezo zinatsala ku Dedza, sizikwera basi. Koma matenda atandigwira, makutu anatseguka. Bambo ankatsokomola. Ankatsokomola chaka chilichonse, makamaka nyengo yozizira, koma tsopano chifuwa chawocho ndinayamba kuchimva mwina. Akati kho kho kuchipinda, ine kukhitchini ndinkasiya zonse n'kumamvetsera. Akamavula nsapato ndinkawayang'ana mapazi, kuona ngati ayamba kutupa. Mumtima ndinkati nkhuyu zodya mwana zapota wamkulu, ndikupha bambo anga ndi dzanja langali.

Ndiye ndinasiya kuthira mchere. Ndinkaphika ndiwo, mchere n'kuika m'kambale pambali kuti aliyense adzithirire yekha. Masiku oyamba palibe anadabwa, poti ndi mmene timachitira tikakhala kumwezi. Koma taonani njakata imene ndinagwira. Ndikathira, ndapha bambo. Ndikapanda kuthira, ndiwozo zindiulula zokha, chifukwa mkazi sakhala kumwezi mpaka kalekale, ndipo mayi aliyense amadziwa masiku a mwana wake.

Ku kiliniki ndinayesa kupita, musaganize kuti sindinayese. M'mawa wina amayi atapita kumsika, ndinavala duku kuti ndioneke ngati mayi wapabanja. Chopinga choyamba chinali pa geti. Masiku amenewo kunali mphekesera yoti jakisoni wa kulera ndi msampha wa azungu wofuna kutha mtundu wa anthu akuda. Anyamata a chipani ankakhala pansi pa mtengo moyang'anana ndi geti, kuona amene akulowa. Mayi wobereka mwana kumsana ankadutsa bwinobwino. Koma mtsikana wopanda mwana, woyenda yekha ndi miyendo yake, akukatani? Mmodzi anandikuwira, "Sisi, mukukatseketsa mimba eti? Tikukuonani!" Ndinalowa mutu uli pansi.

M'katimo pa benchi ndinapeza amayi awiri a Lachinayi, anzawo a amayi anga, atabwera ndi zidzukulu ku sikelo. "Esinati, wadwala chiyani mwanawe? Amako akudziwa?" Ndinati ndi mutu. Nthawi yanga inakwana. Kunalibe chipinda chotseka, panali kansalu chabe, ndipo nesi ankafunsa ndi mawu oti a pa geti amve. Ndinanong'ona. Anati ndikweze mawu. Ndinanong'onanso. Atamva, anandiyang'ana kuyambira pa duku mpaka ku mapatapata.

"Murume wako aripi?" Ndiye kuti, mwamuna wako ali kuti?

Ndinati ndilibe.

"Nanga matendawa unawatola mumsewu? Pano sitichiza mmodzi. Ubwere naye, apo ayi unene dzina lake ndi kumene amakhala, timutumire anthu."

Lero ndikudziwa kuti mayi uja ankafuna kuti mwamunayo achizidwenso. Koma palibe anandifotokozera, ndipo ine m'mutu mwanga munali zina. Ndikatchula Kefasi, otumidwawo akapeza kuti kulibe, apolisi amva kuti mwana wa a Phiri ankayenda ndi gandanga, monga ankawatchulira opita kunkhondo. Bambo ntchito yatha, nyumba yapita. Komanso anyamata a pansi pa mtengo aja akamva kuti ndapereka dzina ku nyumba ya boma, ndiye kuti ndine mutengesi, wogulitsa anzake, ndipo zimene ankawachita anthu oterowo sindinena m'nyumba ya Mulungu muno. Ndinapempha kuti ndipite kuchimbudzi, ndinatulukira khomo la kuseri, ndipo sindinabwererenso.

Kuchokera pamenepo kunali kutsetsereka basi. Pa Machipisa panali bambo wina wogulitsa zipeso ndi malezala, koma pansi pa tebulo ankasunga makapisozi ofiira ndi achikasu. Iyeyo sankafunsa dzina la munthu. Anandipatsa ochepa m'kapepala, ndi timiyala tofiirira tosungunula m'madzi osambira kumusi. Timiyalato tinandiwotcha mpaka ndinaluma nsalu kuti ndisakuwe. Zotuluka zija zinachepa, ine n'kumati ndachira, osadziwa kuti matenda angochoka pakhomo n'kulowa m'nyumba. Posakhalitsa ululu unayamba m'chinena, pansi pa mchombo, wokoka ngati wina akupota chingwe.

Tsiku lina pa nthawi ya chakudya, amayi analawa ndiwo, anayang'ana kambale ka mchere, n'kundiyang'ana ine. Ananena mokweza, bambo ndi alongo anga akumva pa tebulo lawo: "Iwe Esinati, kodi mwezi wakowu sukutha?" Nthawi yomweyo bambo anatsamwa, n'kuyamba kutsokomola osalekeza mpaka misozi. Ine ndinaona maliro. M'mawa mwake onse atachoka ndinakulunga madiresi anga m'pepala, n'kukwera basi ya ku Mbare, kumene nthawiyo tinkati ku Harari. Ndinkaganiza kuti ndikachoka pakhomo, bambo apulumuka.

Ndinakafikira kwa Mai Dhori, mayi wina amene anali ndi shabini, nyumba yogulitsiramo mowa mobisa. Ananditenga kuti ndizitsuka zikho ndi kuperekera makasitomala. Kachasu ndinamuyamba ngati mankhwala, kakapu kamodzi kuti m'mimba muzizire. Kenako kamodzi sikankakwana. Kenako ndinkadzuka manja akunjenjemera mpaka nditalawa. Apolisi akabwera tinkalumpha mipanda, ine chowerama, dzanja lili pamimba. Ndipo poti ndalonjeza kunena zonse, amuna ena a pamenepo sindinawakane, chifukwa munthu wosungidwa alibe pakamwa. Matenda anga anapita nawo kwa akazi awo, amayi osalakwa amene sindidzawadziwa. Chimenecho chimandiwawa mpaka lero.

Mmene mvula inkayamba n'kuti ndikulephera kuimirira. Mai Dhori anandigoneka m'kashedi ka malata kuseri, mosungira mabotolo, chifukwa fungo langa linkathamangitsa makasitomala. Thupi moto, mano akuombana. Masana ena ndinawamva kunja kwa lata akuyankhula ndi bambo wina wa ku Malawi amene ankamwa pamenepo. Ankati, "Imi vanhu vekuMalawi muli ndi sosaite yanu ya maliro. Mtsikanayu akandifera pano apolisi anditsekera. Mungamutenge?" Bamboyo anafunsa kuti mfunda wanga ndani, makolo kwawo ndi kuti, kenako anayamba kukambirana za bokosi. Ine ndili gone, ndikumva zonse, lata lokha pakati pathu. Amayi, mantha ndawaonapo ambiri, koma kumva anthu akukambirana bokosi lako uli moyo, ayi ndithu. Ndinafuna kukuwa kuti sindinafe, koma mawu sanatuluke.

Sosaite ya maliroyo ndi imene inandipulumutsa mosadziwa. A ku Malawi tonse tinkadziwana kumeneko, ndipo bambo anga anali m'komiti. Uthenga woti ku Harari kuli Naphiri wina wa ku Dedza ali kayakaya unawapeza.

Linali Lamlungu masana. Ndinamva phokoso la omwa mowa lazima mwadzidzidzi, monga linkachitira apolisi akalowa. Ndinati basi andipeza. Kenako ndinamva chifuwa. Chifuwa chimenecho ndikanachizindikira ngakhale pakati pa msika. Chitseko cha shedi chinatseguka, ndipo anali bambo, mu suti yawo ya kutchalitchi, nsapato zili matope, chipewa m'dzanja limodzi, m'dzanja linalo kamphika komanga m'nsalu. Mkulu wa mpingo, m'shabini, dzuwa likuswa mtengo.

Mukudziwa mwambo wathu, bambo salowa pamene mwana wake wamkazi wamkulu wagona. Anaima pakhomo kanthawi ndithu. Kenako anawerama n'kulowa.

Ndinadzikokera pa ngodya. "Bambo, musandiyandikire! Ndine wotentha, ndikuphani. Chifuwacho ndine."

Bambo anatembenuza kireti ya mabotolo n'kukhalapo. Anaitana Mai Dhori mwaulemu, ngati akuitana mayi busa, n'kupempha pulaimasi. Itabwera anaiyatsa okha, anamasula nsalu ija, n'kutereka kamphika. Zinali nyemba. Pulaimasi inalira mpaka nyembazo zinayamba kubwata. Ndiye anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa mchere wokulunga m'kapepala. Anautambasula patsogolo panga.

"Naphiri," anatero. Anali asanandiitanepo ndi mfunda, nthawi zonse ndinali iwe Esinati. "Amayi anu aphika osathira. Thirani."

Ndinalira. Ndinati sindingathe, kuli bwino andisiye ndife.

"Za ndiwo zija amayi anu andiuza zonse," anatero. "Tamverani. Chifuwachi ndinachitenga ku fodya inu musanabadwe. Kuntchito kwathu tonse timatsokomola, ngakhale amene alibe mwana ndi mmodzi yemwe. Fumbi lake ndi limenelo." Anaima kaye kuti apume. "Koma mwina makolo ananena zoona, ine sindine wanzeru kuposa iwo. Ngati ndi choncho, ndasankha ndekha, mlandu si wanu. Dzulo ku sosaite andifunsa za muyeso wa bokosi lanu. Ine sindigula bokosi la mwana wanga. Thirani."

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse. Dzanja lawo logwira kapepalako linkanjenjemera, mchere ukutayikira pansi. Bambo anga anakulira kumudzi, za mdulo ankazikhulupirira kuposa ine. Ankaopa. Ndinaziona m'maso mwawo, ndinaziona pa thukuta la pamphumi. Pambuyo pake amayi anandiuza kuti pophika nyembazo ankalira, akuwachonderera kuti asakadziphe dala. Bambo anali ndi mantha ngati ine ndemwe, koma anavala suti n'kubwera.

Ndinatapa mchere ndi zala. Ndinauwaza mumphika. Anatakasa ndi supuni, anadikira kuti usungunuke, n'kuphula. Anapemphera mwachidule, ndiye anayamba kudya. Ankadya pang'onopang'ono, osandiyang'ana. Ine maso ali pakhosi pawo, kuona chakudya chikutsika, ndikudikira kuti agwe pomwepo. Kunja omwa mowa anali chikhalire chete. Anamaliza kamphika konse, anapukuta pakamwa ndi mpango, nati, "Mwachepetsa pang'ono, koma zili bwino. Tiyeni kwathu."

Ananditengera kunyumba pa galimoto ya hayala. Amayi anangotenthetsa madzi n'kundisambitsa okha. M'mawa mwake bambo sanapite kuntchito, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Anandikweza pa kaliyala wa njinga yawo n'kumakankha, ulendo wa ku kiliniki komwe kuja. Poyandikira geti ndinaona anyamata aja ali pansi pa mtengo wawo. Mmodzi anaimirira.

"Mudhara, mukupita naye kuti?"

Bambo sanaime. "Mwana wanga akudwala. Amene akufuna kundimenya adikire ndimusiye kaye m'katimu."

Palibe anasuntha. Anthu amene ndinawaopa miyezi yonseyo anangoyang'ana kumbali.

Pa benchi bambo anali mwamuna yekhayo pakati pa amayi ndi makanda, chipewa pa bondo. Nesi anali yemwe uja, ndipo anandikumbukira. "Wabwera naye mwamuna uja?" Ine maso anathamangira ku khomo la kuseri. Koma bambo anaimirira. "Mwamunayo kulibe, ndipo dzina lake simulimva. Amene alipo ndine, bambo wake. Ngati mukufuna womulalatira, lalatirani ine, koma yambani mwamuona mwanayu." Nesi anandigoneka kuseri kwa kansalu, anandidina pamimba, ine ndinakuwa. Nkhope yake inasintha. Za dzina sanafunsenso, anathamanga yekha kukaimba foni yoitana ambulansi.

Ku chipatala chachikulu anandichita opaleshoni tsiku lomwelo. Anati m'mimba munali mafinya okhaokha, ndipo ndikanachedwa pang'ono sosaite ikanagwira ntchito yake. Nditayamba kukhala tsonga, dokotala anabwera ndi nesi womasulira. Anati moyo wapulumuka, koma matenda anakwera mpaka ku njira za mazira. Ina aichotsa, inayo yatsekeka. Sindinamvetse, ndinafunsa kuti ndiye kuti chiyani. Nesiyo anayang'ana pansi. Anati mwana sindidzabereka. Ndinafunsanso kuti ndikanalandira thandizo ulendo woyamba uja zikanakhala bwanji. Anati pachiyambi paja jakisoni akanakwana. Jakisoni chabe, amayi. Ndinatembenukira kukhoma.

Kubwerera kunali kwapang'onopang'ono, ndipo kunalibe chozizwitsa. Mankhwala ndinamwa onse mpaka kutha, ngakhale pamene ndinkamva bwino, amayi ataima pamutu panga. Tsiku lobwerera kuchipatala likakwana ndinkapita, ndi amayi kapena bambo, osati ndekha. Kachasu ndiye anavuta. Thupi linkamufuna, manja kunjenjemera, mtima kupsa ndi aliyense. Amayi anandikhazika pambali pawo pa msika kuyambira m'mawa mpaka madzulo kuti maso awo asandichoke, ndipo chibaba cha mowa chikandigwira ankandipatsa nzimbe kuti nditafune. Ndinatafuna nzimbe chaka chimenecho mpaka mano kuyamba kugwedera. Ku mpingo anandiika pa chilango, ndinakhala benchi ya kumbuyo mpaka anandibwezera. Bambo nawo anawatsitsa pa ukulu kwa kanthawi chifukwa cholowa m'shabini pa Sabata, ndipo sindinawamvepo akudandaula.

Mapazi awo ndinkawayang'anabe, milungu ndi milungu, mtima uli m'mwamba. Sanatupe. Anakhala ndi moyo mpaka anaona mbendera ikusintha, anapuma ntchito, anakalamba, chifuwa chawo cha fodya chili chomwecho. Za mdulo sinditsutsana ndi akuluakulu muli muno, aliyense ali ndi chimene anaona. Ine ndikunena chimene ndinaona ine. Kefasi sanabwereko kunkhondo, ndipo kumene anagona sindikudziwa.

Nkhondo itatha ndinakwatiwa. Ndinamuuza mwamunayo zonse tisanalowe m'banja, iye anati zilibe kanthu. Zinalibe kanthu mpaka abale ake atayamba kumufunsa kuti adyetsa chumba mpaka liti, pamenepo ndinapakira. Wachiwiri anali bambo wofedwa, munthu wabwino, mzimu wake uuse mumtendere. Ndinalera ana ake mpaka onse anapeza mabanja. Amandikonda, amandiyendera, amanditcha mainini, mayi wamng'ono. Ndi dzina labwino, sindikulinyoza.

Tsopano inu a kumbuyo aja. Mukuti zimenezo n'zakale, lero kulibe anyamata pa geti. Zoona. Koma ine ndimayenda, ndimamva. Mukuopabe nesi amene amakhala mzere umodzi ndi amayi anu. Mukuopa kufunsidwa zaka zanu, kufunsidwa za mphete, kujambulidwa ndi mnzanu pa foni mukulowa. Ndiye mukugulabe makapisozi a mumsewu, ena mukusambira zinthu zimene mnzanu wakuuzani. Manthawo ndikuwadziwa, si auchitsiru, ali ndi zifukwa zake. Koma matenda sadikira kuti mantha athe. Pamene ine ndinkaopa geti, iwo ankakwera. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe. Ine anandisiya wamoyo, koma mwamva chimene ananditengera.

Ukaona chachilendo kumusiko, kutentha, zotuluka, kachilonda, pita sabata yomweyo. Nesi akakulalatira, luma mano, kulalata kumatha, iwe ulandire mankhwala ako. Akakubweza, pita kiliniki ina, usapite kwa wa zipeso. Ngati mwamunayo alipo, muuze akachizidwe nayenso. Ngati kulibe, nena kuti kulibe basi, ukhale pa benchi pomwepo. Ndipo usapite wekha. Ndili ndekha ndinathawira kuchimbudzi, koma nditabwera ndi munthu pambali, geti lomwelo ndi nesi yemweyo anandilola kudutsa.

Inu amayi anzanga, musagwedeze mitu ngati nkhaniyi si yanu. Amayi anga anaona kuti pali vuto, anaona msanga ndithu, koma anafunsa mokweza pa anthu, ndipo m'mawa mwake mwana anali atapita. Anadziimba mlandu mpaka tsiku lomwalira. Mwana akayamba kuchapa mobisa, kuyenda chowerama, mutengereni kuseri kwa nyumba, mufunseni motsitsa mawu. Kukalipa mudzakalipa akachira.

Ndikudziwa kuti muno muli wina amene wandimvera nthawi yonseyi miyendo itapanikizana, mtima ukugunda. Sindikuyang'ana, usaope, ndipo usaimike dzanja. Mawa m'mawa ndikakhala pa khonde la sitolo yoyang'anana ndi geti la kiliniki, ndi ndodo yangayi, mpaka dzuwa lifike pamutu. Ukandiona usandipatse moni, ungoyenda pambali panga, tikalowa limodzi. Sindikakufunsa dzina la mnyamatayo, sindikakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Nesi akakafunsa kuti mayi wachikulireyu ndi ndani wako, ukanene kuti ndi amayi anga. Usakachite manyazi kundinamizira. Palibe anandiitanapo choncho, ndipo ndikavomera.